Utamaro kapena Goyō: chithunzi chiti chipite pakhoma?

Anzanga okonda zithunzi za ku Japan zodinda ndi matabwa, mukafuna cha mkazi wovala za nyengo yotentha, maina awiri sasowa: Kitagawa Utamaro ndi Hashiguchi Goyō.

Utamaro anagwira ntchito mumzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo, mpaka pamene anamwalira mu 1806. Nkhope amaijambula ndi mizere yochepa kwambiri, kutentha n'kumakuonetsa ndi zinthu zozungulira mkaziyo: chokupizira mphepo m'manja, kolala yomasuka pakhosi, neti ya udzudzu. Pa netiyo ndi pamene ine ndimagoma. Wosema ankagoba thabwa la mtengo wa cherry mpaka kutsala timizere tonga ulusi, ndipo mkazi amaoneka kuseri kwake bwinobwino, maso ndi tsitsi lomwe. Vuto ndi utoto. Wambiri unkachokera ku zomera ndipo umafwifwa ndi kuwala, motero zakale zambiri zinasuluka.

Goyō ndi wa pambuyo kwambiri, wa m'nyengo ya shin-hanga, pamene luso lodinda ndi matabwa linatsitsimutsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anaphunzira kajambulidwe ka Azungu ku sukulu ya zaluso ku Tokyo, ndipo ankajambula munthu weniweni atakhala patsogolo pake. Chithunzi chake cha 1920 cha mkazi wovala za nyengo yotentha chilibe zambiri. Nsalu ndi yopyapyala moti thupi likuonekera mkati mwake, ndipo mapewa ndi manja zili ndi kulemera kwa munthu wamoyo. Anamwalira mu 1921 atatulutsa zithunzi zochepa zedi, n'chifukwa chake zenizeni mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Ambirife tidzagula zodindidwanso, ndiye nkhani yagona pa kadindidwe. Makina amaukwanitsa mzere wa Utamaro, chithunzicho n'kukhalabe ndi moyo. Goyō amaluza zambiri pa makina, chifukwa kukongola kwake kuli mu utoto wosanjikizana pang'onopang'ono, mtundu uliwonse ndi thabwa lake. Pamenepo funani chodinda pamanja pa washi, pepala la chikhalidwe cha ku Japan. Mukachitembenuza muona utoto utalowerera mpaka kuseri, ndi zipsera za baren, chida chotikitira pepala pa thabwa. Adachi Institute ku Tokyo imasemabe matabwa atsopano n'kudinda zithunzi zakale motere.

Ndalama zikakhala zochepa, tengani Utamaro wa neti ya udzudzu. Ine mtima wanga uli pa Goyō, koma wa pamanja yekha, ndipo ndingamupachike pakhoma losawombedwa ndi dzuwa.