Khonde lamatabwa likayamba kuwola: kukonza kapena kungophwasula?

Anzanga akhala akundifunsa kuti bwanji ndinaphwasula khonde lakuseri lija tinkachezerapo madzulo, nde ndingoyankha pano kamodzi.

Linali la matabwa a paini, aja aku Chikangawa, nsanamira zake za bulugamu. Mvula ya ku Zomba mukuidziwa, itadutsa namondwe wa Freddy mu March 2023 matabwa ena anafewa, ukaponda kumangobonyoka. Ndinasankha kukonza poti ndinkaona ngati nzotchipa. Apa mpamene mtima umandiwawabe. Kalipentala anazula matabwa apamwamba owola okhawo nkukhoma atsopano, amvekere awa bwana ngothira mankhwala chiswe sichiyandikira, ndalama nkuwonjezera, kenako transipoti payokha, misomali payokha, zonsezi pogwirizana mtengo sanatchule. Mankhwala akewo kunali kupaka oyilo wakuda wa galimoto pamwamba basi. Mitanda yapansi, yomwe imanyamula khonde lonselo, sanasuzumireko nkomwe. Chiswetu chimadya mkati nkusiya kunja kukuoneka bwinobwino, ndiye thabwa latsopano ukalikhoma pa mtanda wofumbwa msomali umagwira chani? Mvula yotsatira isanathe misomali inayamba kuzuka, thabwa lina linapendekeka mwana wanga ali pomwepo nkusupuka mwendo. Pofuna kuyambiranso ndinapeza simenti ndi matabwa zakwera, paja kwacha inali itagwa ndi 44% mu November 2023. Ndinalipira kawiri.

Sikuti kukonza nkoipa ayi. Lowani pansi ndi tochi, tengani msomali wa mainchesi 6 mubaye mitanda ndi tsinde la nsanamira pomwe yakhudza dothi. Ngati kuli gwa, sinthani matabwa apamwambawo, pakani mankhwala oteteza matabwa a Solignum, mwapulumutsa ndalama zambiri. Msomali ukangolowa ngati mukubaya nthochi, musamvere za munthu, phwasulani.

Mukaphwasula pali njira ziwiri: matabwa atsopano kapena simenti. Matabwa atsopano ngokongola komanso October sawotcha kumapazi, koma nsanamira zikhale pa simenti zisakhudze dothi, ndipo kupaka mankhwala nchaka ndi chaka. Wina akakuuzani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje umene chiswe sichidya mkaneni, mtengowu watsala pang'ono kutheratu ndipo kudula nkoletsedwa.

Ine ndinapita ku simenti. Zoona imatentha masana, ndipo bilida akaba simenti nkuchulutsa mchenga ming'alu siichedwa, nchifukwa chake matumba ndinkatsegulitsa ndili pomwepo, kuthirira madzi sabata yathunthu ndinkachita ndekha m'mawa ndi madzulo. Maonekedwe a matabwa aja ndimawasowa ndithu, koma ana akamathamanga pakhondepo sindikhalanso ndi nkhawa, ndipo kalipentala uja pakhomo panga sadzapondaponso.