Bandcamp: sitolo yabwino, koma ogula mubwere nawo nokha

Oimba anzanga akhala akundifunsa ngati kuika nyimbo pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo, kuli ndi phindu. Ndine woimba ndi gitala, ndilibe kampani yondijambulitsa kapena yondigulitsira nyimbo, ndiye ndikamba monga munthu wodzichitira zonse yekha.

Chinandikoka poyamba ndi kagawidwe ka ndalama. Munthu akagula nyimbo, Bandcamp imatengapo 15 peresenti, ndipo malonda anu akapitirira madola 5,000 imatsitsa kufika pa 10 peresenti. Kampani yodutsitsa ndalama imadulaponso kake kochepa, zotsalazo n'zanu. Pa Spotify, pomwe anthu amangomvera nyimbo osazigula, zinthu sizili choncho: kuyambira mu 2024, nyimbo yomwe sinamveredwe maulendo 1,000 m'miyezi 12 siyibweretsa ngakhale kakobiri. Kwa woimba wamng'ono, munthu mmodzi wogula chimbale chonse amaposa gulu la anthu omvera kamodzi n'kudutsa.

Kuika nyimbo sikovuta, kungoti amakana MP3. Amafuna fayilo yosataya ubwino wa mawu, ya WAV, AIFF kapena FLAC, ndipo ngati intaneti yanu ndi yoyenda mwaulesi mudikira ndithu. Ine lamuloli ndimagwirizana nalo, chifukwa wogula ndiye amasankha yekha mtundu womwe akufuna potsitsa, ndipo amalandira mawu oyera monga anatulukira mu situdiyo. Pa tsamba la chimbale mumalemba mawu a nyimbo iliyonse komanso mayina a onse amene anagwirapo ntchito. Woimba ng'oma wanga atapeza dzina lake pansi pa chithunzi cha chimbale anandiimbira foni mosangalala, popeza kwina konse kumaoneka dzina langa lokha.

Koma chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi kabokosi ka mtengo. Mumaika mtengo wotsikitsitsa, wogula n'kukhala ndi ufulu woonjezerapo, ndipo anthu amaonjezeradi. Wina analipira kuwirikiza kawiri, n'kulemba pansi pake kuti nyimbo yachitatu ndi yomwe amamvera akamabwera ku ntchito usiku. Kachithunzi kake kamaoneka pa tsambalo limodzi ndi ka ogula ena. Apa womvera sakhala nambala chabe. Ndimamudziwa, ndipo amene avomera kusiya imelo yawo ndimatha kuwauza ndekha ndikatulutsa nyimbo yatsopano. Mndandanda wa maimelowo mutha kuutsitsa n'kuusunga, ndipo ndikukupemphani muzitero.

Tsopano zowawa. Palibe amene amangofika pa tsamba lanu mwangozi. Bandcamp ili ndi magazini yake, Bandcamp Daily, yomwe imalemba za oimba osadziwika, koma oimba ndi ochuluka kwambiri moti kudikira kuti akulembeni n'kutaya nthawi. Masiku omwe sindinauze munthu za chimbale changa, malonda ankaima chilili. Amene anagula ndi omwe ndinawatumizira linki ndekha kapena anandiona ndikuimba.

China ndi chakuti fayilo yogulidwa ilibe loko. Izi n'zabwino kwa wogula, chifukwa nyimboyo ndi yake mpaka kale, sayenera kulipira mwezi ndi mwezi kuti aimvere. Koma fayilo yomweyo imakopedwa mosavuta. Nyimbo yanga ina inandibwerera pa foni kuchokera m'gulu lina, dzina langa litachotsedwa, mutu utasinthidwa, mawu atafinyidwa mpaka gitala kumalira ngati chitini. Zinandipweteka, makamaka dzinalo, chifukwa womva nyimboyo ngakhale ataikonda sangadziwe kokandipeza. Vutoli ndi la chilichonse choikidwa pa intaneti, ndipo loko sakanalithetsa. Masiku ano ndimalemba dzina langa pa chithunzi cha chimbale komanso m'kati mwa fayilo, kuti wochotsa avutikeko.

Musanalembetse, fufuzani kaye ngati ndalama zingakufikeni komwe muli. Kwa zaka zambiri oimba akhala akulipidwa kudzera pa PayPal, ndipo pali mayiko omwe akaunti ya PayPal imatha kutumiza ndalama koma osalandira. Ogula anunso ayenera kukhala ndi khadi kapena njira ina yolipirira pa intaneti, apo ayi angomvera ulere n'kuchoka.

Ndimakhalanso ndi nkhawa ndi umwini wa Bandcamp. Inayamba mu 2008 ili yodziyimira payokha, mu 2022 inagulidwa ndi Epic Games, ndipo mu 2023 inagulitsidwanso kwa Songtradr, pafupifupi theka la antchito n'kuchotsedwa. Malamulo omwe ndikuyamikirawa akhoza kusintha mwini wina akabwera, ife osafunsidwa. N'chifukwa chake mafayilo anga oyambirira ali pa ma hard drive awiri osiyana, osati pa tsamba lawo pokha.

Ngati muli ndi anthu ngakhale ochepa okonda nyimbo zanu, tsegulani tsamba. Ndipo chimbale chatsopano muchitulutse pa Bandcamp Friday, tsiku lomwe kampaniyi siyitengapo gawo lake. Anayamba zimenezi mu Marichi 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa zoimbaimba, ndipo masiku ake amalengezeratu. Tsikulo amaliwerenga pa nthawi ya ku California, choncho onani kusiyana kwa maola musanauze anthu anu nthawi yogula.