Inshuwalansi ya galimoto zakale ku UK: momwe yandiyendera ndi Land Rover yanga ya 1979

Abale anga a kuno ku UK amene mumandifunsa kutchalitchi kuti Land Rover ija ndimailipirira zingati, yankho ndi lakuti inshuwalansi yake ndi yotsika kuposa ya ka Toyota kanga kopitira kuntchito. Koma musathamangire kukagula chiphapha poganiza kuti mwapeza njira yozembera mitengo ya kuno. Inshuwalansi imeneyi ndi yabwino kwa munthu amene ali kale ndi galimoto ina yoyendera tsiku ndi tsiku, ndipo kwa ena onse ndi msampha.

Galimoto yake ndi Series III ya 1979, yaifupi ija ya mainchesi 88. Zimenezi ankazipanga ku Solihull, kufupi ndi kuno ku Coventry kumene ndimakhala, kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo amene munakulira kumudzi mukuzikumbukira, zinali za apolisi, za a DC ndi za zipatala za mishoni. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri, koma chesisi ndi yachitsulo, ndipo mchere umene amathira m'misewu ya kuno nthawi yozizira unali utaidya mpaka chala kumalowa. Ine ndi mnzanga wina makaniko tinaika chesisi yatsopano ya galvanised, yokutidwa kuti isachite dzimbiri, yofanana ndendende ndi yakale. Injini ya petulo ya malita 2.25 inali itatha, ndiye tinaikamo ya dizilo, 200Tdi, yochokera m'Land Rover Discovery imene inaphwasulidwa.

Apa ndi pamene galimoto imasiya kukhala nkhani ya masipanala n'kukhala nkhani ya mapepala. Nthawi imene ndinkamanga, a DVLA, ofesi ya boma yolembetsa galimoto ku Swansea, ankawerengera mapointi kuti aone ngati galimoto yosinthidwa ikadali yomwe ija: chesisi 5, masipuling'i 2, ma axle 2, giyabokosi 2, chiwongolero 2, injini 1. Kuti usunge nambala yako yakale pankafunika mapointi 8, ndipo 5 mwa amenewo achokere ku chesisi yoyambirira kapena yatsopano yosadulidwa. Ukaperewera, galimoto inkayenera kukayesedwa IVA, mayeso oona ngati ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kwa a DVSA, bungwe la boma loyesa galimoto, n'kupatsidwa nambala yoyamba ndi Q, imene makampani ambiri a inshuwalansi amaiona ndi diso lofiira. Ine ndinangotaya pointi imodzi ya injini. Malamulo ena anafewetsedwa mu 2025, choncho amene mukuyamba pano werengani zatsopano musanagwire galayindala. Chomwe chinanditsalira chinali kusintha V5C, blue book ya kuno: nambala ya injini, kukula kwake kuchoka pa 2286cc kufika pa 2495cc, ndi mtundu wa mafuta, pamodzi ndi lisiti la kumene ndinagula injiniyo.

Masamba a pa intaneti oyerekeza mitengo ya inshuwalansi aja anandikhumudwitsa msanga. Ndikangosonyeza kuti injini inasinthidwa, makampani ambiri ankazimiririka pamndandanda, ndipo otsalawo ankatchula ndalama zoti n'kugulira galimoto ina. Choipa kwambiri n'chakuti onse amalipira mtengo wa pamsika, kutanthauza kuti ikabedwa kapena kupsa, munthu amene sanaionepo ndiye aziganiza kuti Land Rover ya zaka zoposa 40 ndi ndalama zingati. Mdala wina wa kukalabu ya eni Land Rover ndiye anandipatsa nambala ya broker, mkhalapakati wogulitsa inshuwalansi, woona za galimoto zakale zokhazokha, ndipo ndi ameneyu ndikumuyamikira ndi kumudandaula pano.

Chimene chinandigwira mtima ndi foni yoyamba. Mayi amene anayankha sanafunse kuti Series III n'chiyani. Anafunsa ngati ndi 88 kapena 109, ngati turbo ndinaisiya kapena ndinaichotsa, popeza ambiri amaichotsa poopa kuswa giyabokosi yakale, ngati mabuleki akadali a dramu, ndiponso ngati kumbuyo kuli mabenchi oyang'anizana aja ndi anthu angati amakhalapo. Chilichonse chimene ndinasintha anachilemba m'pepala la inshuwalansi, chimodzichimodzi. Zimenezi si zokongoletsa ayi. Kuno ukabisa kuti unasintha injini, tsiku la ngozi kampani ikhoza kukana kulipira kapena kufufuta inshuwalansi yonse, ndipo dzina lako limadetsedwa kwa makampani enanso. Ndimamva abale ena akulangizana kuti "osawauza zambiri, angakukwezere". Pa galimoto yomanga wekha, langizo limenelo lingakugwetse m'dzenje.

Anandithandizanso galimoto isanayambe n'kuyenda komwe. Lamulo la kuno limati galimoto ikhale ndi inshuwalansi nthawi zonse pokhapokha utailembetsa SORN, kusonyeza kuti siikuyenda pamsewu. Yanga inali pa SORN, zidutswa zili mbwee m'garaja, koma anandigulitsa inshuwalansi yotchipa ya moto ndi kuba yokha. Chesisi yatsopano ndi injini zinali kale ndalama zambiri, ndipo mbava za kuno zimakonda Land Rover kwabasi, mpaka zitseko ndi boneti zimapita usiku umodzi.

Phindu lenileni lili pa chimene amati agreed value, mtengo umene mumagwirizana ngozi isanachitike. Anandiuza nditumize zithunzi za mbali zonse zinayi, m'kati, malo a injini, pansi pa chesisi ndi mita ya mamailosi, kuphatikizapo malisiti. Ndinali nawo bokosi lonse la nsapato, mayi a kunyumba atatopa nalo pa tebulo. Ndinatchula mapaundi 16,000, iwo anabweza 14,000, ndipo anafotokoza bwino chifukwa chake: sawerengera thukuta langa kapena Loweruka lililonse limene ndinagona pansi pa galimoto, amaona ndalama zimene galimoto yotere ingagulidwe. Zinandiwawa pang'ono, koma sindinganene kuti anandibera. Penti ndinapaka ndekha ndi rola, ndipo m'zithunzi zimaoneka. M'pepalamo mulinso mfundo yakuti galimoto ikaonongeka kwambiri ndili ndi mwayi wotenga chiphaphacho, chimene kwa munthu womanga yekha ndi chuma, pakuti zida zambiri za Series zimangomasulidwa ndi sipanala n'kuikidwa pa ina. Pachaka ndimalipira mapaundi osafika 250.

Tsopano zowawa zake. Anandipatsa mamailosi 3,000 pachaka, ndipo pokonzanso mgwirizano amafuna nambala ya pa mita. Ulendo umodzi wokaona abale ku Glasgow ndi kubwerera umadya gawo lalikulu ndithu, ngakhale kunena zoona, pa liwiro la Series ndi phokoso lake, msana umayamba kudandaula mamailosi asanathe. Sindiloledwa kupitira kuntchito. Apa ndikunena makamaka kwa inu achemwali ndi achimwene ogwira ntchito ya care, oyenda nyumba ndi nyumba kusamalira okalamba: ntchito imeneyo imafuna inshuwalansi ya business use, yolola kuyendera galimoto pa ntchito, ndipo ya galimoto zakale ngati yangayi siikhudza zimenezo m'pang'ono pomwe. Galimoto yanu ya tsiku ndi tsiku ikafa m'mawa, n'kutenga yakaleyo kuti shifiti isakudutseni, mukuyenda ngati munthu wopanda inshuwalansi.

Amafunanso kuti usiku igone m'garaja yokiya. Nyumba zambiri zimene timachita lendi kuno zilibe garaja, ine yanga ndimachita kubwereka mseu wachiwiri kuchokera kunyumba, ndipo ndalama ya garajayo pachaka imaposa ya inshuwalansi. Ukawerengera zimenezo, kutchipa kuja kumachepa. Ikabedwa usiku ili panja pafupi ndi nyumba, pepala langa likunena poyera kuti akhoza kukana. Zaka zoyenda popanda ngozi pa inshuwalansi imeneyi siziwonjezera no claims bonus, kutsitsiridwa mtengo kumene umapeza ukakhala zaka osapempha kampani kuti ikulipire, choncho wachinyamata amene akufuna kumanga mbiri yake sapindula kanthu. Ndipo chimene chimandinyansa kwambiri ndi kandalama ka ofesi kamene amadula ukasintha chilichonse pakati pa chaka. Nditaika overdrive, giya yowonjezera yoyendera pamsewu waukulu, ndinawaimbira kuwadziwitsa monga mwa lamulo lawo, mtengo wa inshuwalansi sunakwere, koma anandilipiritsabe chifukwa chongolemba mzere umodzi. Munthu ukuchita chilungamo, iwo n'kukulipiritsa chilungamocho.

Anafunsanso kuti laisensi ya UK ndakhala nayo zaka zingati. Ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha ukafika kuno ndipo siisinthidwa, umayenera kulemba mayeso mwatsopano, pamene anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa amangosinthitsa zawo. Amene mwangofika kumene, yembekezani mtengo wokwera kapena kukanidwa.

Pa za msonkho ndi MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili bwino, broker yemweyu ndiye anandiunikira, ngakhale si ntchito yake. Galimoto ikapitirira zaka 40 imalowa m'gulu la historic, msonkho wa pamsewu n'kukhala ziro, komabe umayenera kuilembetsa chaka chilichonse. Gulu limeneli sililipiranso ULEZ, ndalama imene galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipira ku London. MOT ndi nkhani ina: kuyambira May 2018 galimoto za zaka zoposa 40 sizikakamizidwa kuyesedwa, pokhapokha ngati zinasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazi, ndipo injini ya mtundu wina imalowa m'gulu limenelo. Kukalabu amakangana mpaka kutuluka thovu ngati 200Tdi m'Series ikuyenera kukhululukidwa kapena ayi. Mayi uja anangoti, "Bambo, kaiyeseni chaka chilichonse, mukhale ndi pepala m'manja." Ndimatero, ndipo chaka chatha woyesayo anapeza paipi ya mabuleki itayamba kudyeka pamalo amene ine sindikanayang'ana.

Mtengo wogwirizana uja sukwera wokha. Ukapanda kutumiza zithunzi zatsopano umakhala pomwepo ngakhale zida zikwere mtengo, ndipo broker wanga sakumbutsa, ndimachita kufunsa ndekha. Mgwirizano ndakonzanso chaka chino ndi iwo omwewo. Bulkhead, khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi pokhala woyendetsa, layamba kutuluka dzimbiri m'makona a pansi pa galasi, ndipo ndikangomaliza kuwotcherera ndi kupopera penti yeniyeni, ndiwatumizira zithunzi kuti tikambiranenso za 16,000 ija.