Camper ya pa pikapu patatha miyezi 9: kwa nyama imatha, pansi pa phiri imafuna nzeru

Ndemanga yoyamba ya galimotoyi inalembedwa itangoyenda masabata atatu, ndipo inayamikira bedi, firiji ndi denga lotukula, n'kudandaula pang'ono za dizilo. Kwa amene sanaione: camper imeneyi ndi pikapu ya dizilo ya 4x4 yomwe anaichotsa bodi yakumbuyo n'kuikapo kanyumba ka aluminiyamu. Denga lake limatukuka ndipo m'mbali mwake ndi nsalu ya tenti. Muli bedi la anthu awiri, firiji ya malita 60, thanki ya madzi ya malita 80, batire ya lithium ya 100Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire imasunga), sola ya mawati 200 padenga ndi sitovu ya gasi. Pano yatha miyezi 9 anthu awiri akugonamo tsiku lililonse, kuyambira ku paki ya nyama ya Kruger ndi ku mapiri a Drakensberg m'dziko la South Africa, kudzera ku South Luangwa ku Zambia, mpaka ku Nyika ndi ku Mulanje. Zoyamikira zija zambiri zikadalipo. Chimene masabata atatu sakanaonetsa n'chakuti galimotoyi imasangalala ikamayenda tsiku ndi tsiku, ndipo mavuto ake amayamba mukaiimika masiku angapo kuti mukwere phiri.

Tiyambe ndi kumene imachita bwino. Ku Kruger liwiro lololedwa ndi makilomita 50 pa ola patala ndi 40 pamsewu wafumbi, ndipo pa liwiro lotere kulemera kwa kanyumba sikumveka n'komwe. Koma pa pikapu palibe khomo lochokera kutsogolo kulowa m'kanyumba, pamene lamulo la paki likuti musatsike kupatula pamalo osankhidwa. Ndiye kuti firiji muli nayo koma simungaifikire. Madzi akumwa ndi kamba wa m'mawa zikhale kutsogolo musananyamuke, apo ayi mudzasiya njovu zikumwa padziwe chifukwa cha ludzu lanu.

Vuto lenileni m'mapaki ndi m'mamawa. Kuyambira Novembala mpaka Januwale zipata za makampu a ku Kruger amatsegula 4:30, ndipo ola loyambalo ndi lomwe mikango ndi akambuku amapezeka akuyenda mumsewu. Wa tenti kapena wa kalavani amangoliza galimoto n'kumapita. Inu nyumba yanu ndiyo galimoto, choncho muyenera kutsitsa denga, kupinda nsalu, kutseka gasi ndi kuzula chingwe cha magetsi mumdima. Poyamba ntchitoyi imadya mphindi 25. Imatsika kufika pa 10 ngati zonse zakunja mwazilongedza usiku, n'kusiya tebulo ndi mipando yokha kuti isunge malo, chifukwa m'makampu ambiri a kumeneko malo ndi a woyamba kufika. Mtengo wa changu chimenechi umaoneka pansalu. Mumaipinda ili ndi mame, imakhala yotsekeredwa padzuwa mpaka masana, ndipo mwezi wachitatu usanathe m'makona mumayamba chuku. Mankhwala ake ndi kutukula denga mukangoima masana, ngakhale theka la ola.

Nyama zolowa m'kampu nazo zili ndi zawo. Apusi amalowa pazenera lotsegula pang'ono, anyani amatha kukoka chitseko chosakhoma, afisi a m'makampu opanda mpanda amatafuna nsapato ndi chilichonse chonunkha mafuta. Ku Mfuwe makampu a m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa alibe mpanda, njovu zimadutsa pakati pa magalimoto, ndipo eni malo amachenjeza kuti musasunge zipatso, makamaka malalanje, m'galimoto yogonamo. Chenjezo limenelo si la nthabwala kwa munthu amene khoma la chipinda chake ndi nsalu. Mvuu zimatuluka usiku kudzadya msipu, choncho chidebe cha usiku m'kanyumba ndi chida chofunika, osati ulesi. Ukonde wa udzudzu wa m'mazenera unayamba kung'ambika m'mbali mwa zipi mwezi wachisanu, ndipo ku Kruger ndi ku Luangwa, komwe kuli malungo, kabowo kamodzi nkokwanira. Singano ndi ulusi zisasowe.

Tsopano magetsi, pomwe pagona nkhani yonse. Kukatentha ngati mu Okutobala ku Luangwa, firiji yokha imadya pakati pa 35Ah ndi 45Ah patsiku. Kuwonjezera nyali, pampu ya madzi, mafoni ndi makamera, zimafika cha m'ma 55Ah. M'paki zimenezi sizidetsa nkhawa, chifukwa chaja ya 25A yochokera ku injini imabweza zonsezo m'maola atatu oyenda. Ngakhale ku Tsendze ndi ku Balule, makampu a Kruger opanda magetsi, batire siinatsike modetsa nkhawa. Kumene kuli magetsi, kumbukirani kuti mabokosi ambiri amafuna pulagi yabuluu ya kalavani, osati ya m'nyumba.

Galimoto ikaima, sola yokha ndiyo imatsala, ndipo sola yomata padenga ili ndi chilema chobadwa nacho. Munthu amaimika galimoto pamthunzi kuti asapse, sola imafuna dzuwa. Nthambi imodzi yokha ikaphimba mbali ya panelo, mphamvu imagwa kwambiri kuposa kukula kwa mthunziwo, popeza timagawo take n'tolumikizana mondondozana. Ku Mahai, kampu ya m'paki ya Royal Natal ku Drakensberg, pansi pa thanthwe lalikulu lotchedwa Amphitheatre, malo abwino ndi a pansi pa mitengo. Ku Likhubula chiperoni chikabwera dzuwa limasowa masiku angapo. Batire ya 100Ah ikatero imapirira masiku awiri kukatentha, atatu kapena anayi kukazizira. Palinso china chimene ogulitsa satchula: lithium yamtunduwu siyenera kulandira moto kukazizira kufika pansi pa 0°C, ndipo kachipangizo koiteteza kamakana dala. Pa galimotoyi batire anaiika m'bokosi lakunja, ndiye ku Glen Reenen, m'paki ya Golden Gate ku South Africa, m'mamawa wa Juni ndi Julayi dzuwa limawala bwinobwino koma moto osalowa mpaka bokosi litafunda. Ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, chisanu cha miyezi yomweyo chimachitanso chimodzimodzi. Kusamutsira batire m'kati mwa kanyumba kunathetsa zimenezo. Za mthunzi zinatheka ndi panelo yopinda ya mawati 120 yokhala ndi chingwe cha mamita 10, yomwe mumaitsata nayo dzuwa. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi batire yachiwiri, ndipo siilemera.

Kulemera n'kumene ambiri amadzinamiza. Madzi odzaza thanki ndi makilogalamu 80. Zigubu ziwiri za dizilo za malita 20 ndi pafupifupi makilogalamu 34 osawerengera zigubuzo. Onjezani tayala lachiwiri la sipeya, jeke, zida, chakudya cha masabata awiri ndi anthu awiri, pamwamba pa kanyumba komwe kadya kale gawo lalikulu la katundu amene pikapu imaloledwa kunyamula. Pitani pa sikelo ya malole galimoto ili yodzaza, muyeze kutsogolo ndi kumbuyo padera, muyerekeze ndi manambala a pa kachitsulo ka galimotoyo. Masipuling'i akumbuyo anagona mwezi wachinayi, nyali zikuwalira m'mwamba, ndipo anasinthidwa pamodzi ndi mashoko. Masipuling'i olimba amadzutsa galimoto, koma sasintha mabuleki kapena kulemera kololedwa ndi lamulo. Potsika mapiri ataliatali gwiritsani giya yotsika, phazi lipume.

Misewu yafumbi ya timizere ngati malata imamasula chilichonse chomangidwa ndi sikuluwu. Mahinji a makabati, mabawuti a sola ndi zomangira kanyumba ku chesisi ziyenera kuyenderedwa ndi sipanala sabata iliyonse, ndipo guluu wa mabawuti amachepetsa ntchitoyi. Kutsitsa mpweya wa matayala pang'ono pafumbi kumathandiza, bola mukhale ndi pampu yobwezera mukafika patala, chifukwa tayala lofewa lonyamula katundu wolemera limatentha. Fumbi limalowera ku chitseko chakumbuyo, komwe mpweya umakokera m'kati galimoto ikamathamanga. Kutsegula kabowo ka mpweya koyang'ana kutsogolo padenga kumalikankhira kunja.

Kumapiri nkhani ndi yakuti galimoto imakufikitsani pati. Ku Royal Natal njira ya Tugela Gorge, pafupifupi makilomita 7 kupita kokha, imayambira m'paki momwemo, ndipo mukabwerako madzulo muli ndi madzi otentha ndi bedi lanu. Pamenepo camper ilibe mnzake. Njira ya makwerero a unyolo yopita pamwamba pa mathithi a Tugela ndi ina. Imayambira pamalo oimika magalimoto a Sentinel, mbali ya tauni ya Phuthaditjhaba, ndipo msewu wotsiriza ndi wokumbika moti galimoto yayitali, yolemera kumwamba imapendama mochititsa mantha. Kuisiya pamalo ogona alendo a Witsieshoek n'kukwera galimoto ya pamalopo n'kwanzeru. Lembani mayina m'buku la okwera phiri, ndipo m'dzinja nyamukani mbandakucha, chifukwa mphenzi za ku Drakensberg zimabwera masana.

Nyika ndi malo amene nyama ndi mapiri zimakumana mokomera galimoto yotere. Kuchokera ku Chelinda mumaona mbidzi, nsefu ndi chilembwe pamtetete, n'kuyenda pansi osasowa kogona, ndipo nsonga ya Nganda, mamita 2,607, ndi ya tsiku limodzi. Dizilo thirani wokwanira kupita ndi kubwerera musanadutse Rumphi, ndipo kuchokera pachipata cha Thazima werengerani maola, osati makilomita. Pamwambapo, kupitirira mamita 2,000, madzi amawira asanafike 100°C, choncho nyemba ndi mpunga zimachedwa kupsa ndipo gasi amatha msanga. Usiku mpweya wa anthu awiri umasanduka madontho padenga la aluminiyamu ndiponso pansi pa matiresi. Siyani mazenera awiri otsegula pang'ono ngakhale kuzizire, ndipo muziimika matiresi m'mawa. Kuyatsa sitovu kuti muothe mutatseka zonse n'kudziika pangozi ya utsi wakupha wosanunkha. Kachipangizo kochenjeza za utsiwo kasasowe pakhoma.

Ku Mulanje camper imangokhala sitolo ya katundu. Imatsala ku Likhubula, inu n'kukwera ndi operekeza alendo ndi onyamula katundu, kukagona m'nyumba za pamwamba monga Chambe kapena Chisepo, komwe ambiri amayambira ulendo wa ku Sapitwa, mamita 3,002. Zimenezi zikutanthauza zikwama zazikulu ziwiri, zofunda za m'thumba, mapoto ang'onoang'ono ndi nsapato zolimba, zinthu zimene kanyumbaka kalibe malo ake. Miyezi yonseyi zakhala pampando wakumbuyo, ndipo amene akugula pikapu ya mpando umodzi alingalire kumene adzaziike. Musanakwere masiku atatu, idyani kapena gawani za m'firiji, izimitseni, itsukeni, musiye chitseko chake chotsegula pang'ono. Kuisiya ikuyaka mukudalira sola ya padenga ndiko kubwerera ku batire yakufa ndi fungo la nyama yowola lomwe silichoka m'mphira. Tsitsani denga, tsekani gasi pa silinda penipeni, chotsani panelo yopinda ija panja, ndipo muimike galimoto pamalo a mlonda mutagwirizana malipiro ake musananyamuke.

Chimene chikadali chosatheka ndi nsapato zonyowa. Kunja afisi ndi mame, m'kati matope ndi fungo pafupi ndi bedi. Bokosi lapulasitiki lokhoma, lobooledwa m'mbali n'kumangidwa kumbuyo pafupi ndi sipeya, likuthandiza pang'ono, koma nsapato zake siziuma mpaka dzuwa lituluke.