B550, B650 kapena Z790: bodi iti kwa munthu amene akungoyamba kumene overclocking?

Overclocking ndi kukweza liwiro la processor kapena RAM kupyola pamene opanga anaika, ndipo bodi ndi motherboard ya kompyuta. Funso ili limabwera pafupipafupi, makamaka kwa anyamata amene aonera pa YouTube anthu akuthira liquid nitrogen pa processor ndiye nawonso mtima wadyokoka, akufuna ayeseko. Zabwino ndithu, koma musanatulutse ndalama tiyeni tiike mabodi atatu pa tebulo tione kuti ndi iti imene sikakulizitseni.

Choyamba mudziwe kuti Intel ndi AMD amasewera mosiyana. Ku Intel, kuti mukweze liwiro la processor mukufunika zinthu ziwiri nthawi imodzi, processor yokhala ndi K kumapeto (monga i5-12600K, 13600K kapena 14600K) komanso bodi ya chipset yoyamba ndi Z, ndiye kuti Z690 kapena Z790. Mukagula B760 ndi processor ya K mwaluza, bodiyo ikulolani kukweza RAM yokha basi, multiplier (nambala yokwezera liwiro la processor) ndi yokhoma. AMD alibe nkhanza zimenezo, ma Ryzen ambiri amabwera otsegula kale ndipo bodi ya B imakwana. Zothawa ndi za A zokha, A520 ndi A620, zimatchipa inde koma sizinapangidwire masewero amenewa.

Tiyambe ndi nkhalamba, B550. Iyi ndi ya socket (pokhala processor) ya AM4, inatuluka mu 2020, imayenda ndi RAM ya DDR4. Mukaiphatikiza ndi Ryzen 5 5600 mwapeza sukulu yotchipa kwambiri yophunzirirapo. Processor imeneyi ndi ya 65W, siivuta kuziziritsa, payokha imafika 4.4GHz, ndipo mukalowa mu BIOS (menyu ya bodi yosinthirapo zinthu poyatsa kompyuta) mupeza PBO ndi Curve Optimizer. PBO mwachidule imauza processor kuti "mphamvu ilipo, thamanga mmene ungathere", mutha kuwonjezeranso mpaka 200MHz pamwamba, pomwe Curve Optimizer imachepetsa voltage pang'onopang'ono kuti isatenthe msanga ndiye imakhalitsa pa liwiro lapamwamba. Ubwino wake kwa wophunzira ndi woti mukapyola muyeso kompyuta imangozima n'kuyakanso, palibe chapsa, mumangobwerera m'mbuyo pang'ono. RAM ya DDR4-3600 ndi imene imagwirizana bwino ndi ma Ryzen 5000. Bodi ngati MSI MAG B550 Tomahawk kapena ASUS TUF Gaming B550-Plus ndi zokwanira ndi kutsala. Vuto lake n'limodzi, msewu wa AM4 unafika kumapeto, mawa mukafuna kukwera kwambiri mudzasintha bodi ndi RAM yomwe.

B650 ndiye mng'ono wake, socket ya AM5, inabwera kumapeto kwa 2022. Apa DDR4 yanu yakale iwalani, ndi DDR5 basi, ndipo apa mpamene thumba limayamba kudandaula. Koma AMD ananena okha kuti AM5 aipitiriza mpaka 2027 n'kupitirira, ndiye bodi imodzi yomweyo mutha kuyamba ndi Ryzen 5 7600 lero n'kudzaika Ryzen 9000 mtsogolo mutangopanga update BIOS. Kaseweredwe kake ndi komwe kuja, PBO ndi Curve Optimizer, kuwonjezerapo EXPO yomwe imakweza RAM ndi kudina kamodzi, ambiri amaima pa DDR5-6000. Zinthu ziwiri zimaopseza anthu atsopano pa AM5. Poyatsa koyamba, kapena mukangosintha za RAM, sikirini imatha kukhala yakuda kwa mphindi zingapo bodi ikuyesa memory, musathamangire kuzula chingwe, pitani mukapange tiyi. Chachiwiri, ma Ryzen 7000 anawapanga kuti azikwera mpaka madigiri 95 akapanikizika, ndiye ukaona nambala imeneyo pa HWiNFO (pulogalamu yoonetsa kutentha) mtima umagunda koma ndi mmene alili. Panalinso nkhani ija ya mu 2023 ma processor ena a 7000X3D akupsa chifukwa voltage ya SoC (gawo la processor loyendetsa RAM ndi zina) imakwera mopyola, opanga mabodi anatulutsa BIOS yoitsekera pa 1.3V, choncho bodi ya AM5 imene yakhalitsa mu shopu chinthu choyamba ndi update.

Tsopano Z790. Sindinama, ngati mukufuna overclocking yeniyeni ija yachikale, yolemba wekha multiplier, kukweza voltage pang'ono, kuyesa, kubwereranso, kuno ndi kumene kuli kokoma. 13600K ili ndi ma P-core 6 (ma core amphamvu) ndi ma E-core 8 (osadya magetsi ambiri) ndipo gulu lililonse umalikweza palokha. Mabodi a socket yake, LGA1700, amabweranso a mitundu iwiri, ena a DDR4 ena a DDR5, ndiye muwerenge bwino pa katoni chifukwa bodi imodzi siilandira zonse. Koma mtengo wake suli pa bodi pokha ayi. 13600K imatha kukoka 181W musanakhudze kalikonse, ma processor a K sabwera ndi cooler m'bokosi, ndiye muwerengere cooler yaikulu ndi power supply yodalirika, ndipo ndi kutentha kwa mu October kuja m'chipinda cha malata mudzafika pa madigiri 100 musanapindule chilichonse. Kenako pali nkhani ya mu 2024, ma processor a 13th ndi 14th gen (monga 13600K ndi 14600K) amene amayamba kuchita crash chifukwa amapempha voltage yochuluka n'kumadzidya okha pang'onopang'ono. Intel anatulutsa microcode yokonza (update yolowa kudzera mu BIOS), 0x129 kenako 0x12B, n'kuwonjezera warranty ndi zaka ziwiri, koma processor imene inawonongeka kale siichira ndi update. Munthu woyamba kumene kumuuza kuti azikawonjezera voltage pa chip ya mbiri imeneyo, ine ayi. Ngati mtima uli ku Intel basi, 12600K pa Z690 ndi imene ndingaloze, vuto lija silinaikhudze. Socket iyinso inatha, ma Core Ultra atsopano ali pa LGA1851 ndi Z890.

Komatu dzina la chipset silinena zonse. Mabodi awiri a B650 atha kusiyana ngati usiku ndi usana chifukwa cha VRM, tizipangizo tija tozungulira socket timene timatsitsa 12V ya power supply kufika pa ka 1 volt n'kanthu kamene processor imadya. Yang'anani chithunzi cha bodi, kumanzere ndi kumtunda kwa socket kukhale zitsulo zonenepa zoziziritsira. Mukaona tima chip tili pamtunda popanda chophimba, isiyeni, imeneyo ndi ya mu ofesi. Manambala aja a VRM ngati 12+2 kapena 14+2+1 asakutengeni mtima kwambiri, pa processor ya ma core 6 bodi iliyonse ya pakatikati yokhala ndi heatsink yabwino ikwana.

Chimene ine ndimayang'ana kwambiri ndi njira yobwerera zikavuta, chifukwa zidzavuta ndithu. Ulendo wanga woyamba ndinakweza RAM mopyola, kusevera, kuyatsanso, mafani akuzungulira bwinobwino koma sikirini bii. Bodi yake inali yotchipa, yopanda batani la Clear CMOS (lobwezera BIOS mmene inalili poyamba), yopanda ngakhale kanyali kondiuza chavuta n'chiyani. Kabatire ka CR2032, kamene ukakachotsa BIOS imabwerera mwakale, kanali pansi penipeni pa graphics card, ndiye inali ntchito yomasula card yonse usiku ndi tochi ya foni kukamwa, kuchotsa batire ndi chikhadabo, kudikira, kubwezera, ndipo usiku umenewo ndinachita zimenezi katatu. Kuyambira pamenepo sindigula bodi yopanda tinyali tinayi tija tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, kanyali kakaima pa DRAM umadziwiratu kuti wolakwa ndi RAM. Batani la Clear CMOS kumbuyo ndi labwino koposa, likasowa onetsetsani kuti tima pin tiwiri take tili poti sikuludiraiva ifika osamasula kanthu. Chinanso ndi batani loikira BIOS kuchokera pa flash popanda processor, ASUS amati USB BIOS Flashback, MSI amati Flash BIOS Button, Gigabyte amati Q-Flash Plus. Magetsi akakuzimirani pakati pa update, batani limeneli nthawi zambiri ndi limene limadzutsa bodi.

Kwa ogula zogwiritsidwa kale ntchito, kaya mwatuma m'bale wa ku Johannesburg kapena ku UK, pemphani chithunzi cha pafupi cha socket. Pa AM4 mapin ali pa processor ndipo akapindika pang'ono amawongoleka, koma pa AM5 ndi pa Intel ali pa bodi, ndi opyapyala ngati tsitsi, amodzi akagona mwagula chokongoletsa pa khoma.

Ndiye ine ndikanakhala ndikuyamba lero ndi ndalama zochepa, B550 ndi 5600, zotsalazo ndigule cooler. Thumba likulola, B650 ndi 7600. Z790 ndiisiyira amene anaotchapo kale zala. Ndipo musayembekezere zozizwa, ma processor a masiku ano amabwera atakankhidwa kale pafupi ndi malire, phindu lalikulu mudzaliona poyatsa EXPO kapena mnzake wa ku Intel, XMP, chifukwa RAM yambiri imayamba pa liwiro lotsika mpaka mutaiuza nokha. Dziwaninso kuti pa pepala overclocking, ngakhale PBO yomwe, imatha kuthetsa warranty. Tsiku loyamba thamangitsani Cinebench (pulogalamu yoyeza mphamvu ya processor) musanasinthe kanthu, lembani score ndi madigiri mu kope, kenako Curve Optimizer pa -10, yesani ndi OCCT (pulogalamu yopanikiza processor) kwa ola, ikapirira mawa lake -15.