Tinyale tadongo ta pa Belgrave Road, ndagula ndayesa

Aneba anga kuno ku Leicester, ku England, ndi mayi achihindu ochokera ku Pune ku India, ndiye chaka chino anandiitana kuti ndidzakhale nawo pa Naraka Chaturdashi, tsiku lachiwiri mwa masiku 5 a Diwali (chikondwerero chawo cha nyale), lomwe amakumbukira kuti mulungu wawo Krishna anapha chiwanda Narakasura. Sindikanapita chimanjamanja, ndinalowa kashopu kena pa Belgrave Road nkugula ma diya 12, timbale tadongo tija amayatsa ngati nyale, paketi ya thonje lopota kale, botolo la mafuta a chitowe ndi ubtan, ufa wosambira wa tchana wosakaniza ndi tameriki.

Ubtan ija yokha palibe chodandaula. Mwambo wake umasamba dzuwa lisanatuluke, anti aneba aja anandiimbira foni 5 koloko ndi kuzizira kwa kuno uku abale inu, umayamba wadzola mafuta thupi lonse kenako nkudzikhula ndi ufawo kuti litsiro ndi zoipa zonse zichoke, ine ndimapangira ulemu chabe koma khungu linasalala tsiku lonse osafunanso Vaseline.

Pa ma diya ndi pomwe ndili ndi mawu. Atatu ndinawapeza ong'aluka mu paketi momwemo, ndipo bambo wa mushopu uja amangothamangira kulandira ndalama osandiuza kuti dongo latsopano umayamba walinyika m'madzi nkuliumitsa. Ine kuthira mafuta basi, timbale tija kumwa ngati tili ndi ludzu, ena kudontha mpaka pawindo noninoni. Anti anaseka mpaka misozi, amvekere "mwana wanga, kwanu mbiya yatsopano mumangoyamba kuphikira?" Manyazi ake.

Asanu ndi anayi otsalawo titawayala pakhomo madzulo anayaka bwinobwino, thonje lake ndi labwino, silithima msanga bola kunsonga ulipotenso pang'ono ndi zala zamafuta. Zinandikumbutsa koloboyi wa kwa agogo ku Ntcheu, kungoti uyu alibe utsi wakuda uja wodzuka nawo m'mphuno.

Ndidzagulanso ndithu, koma osapenta aja, onyezimirawo ndi odula chabe moto wake ndi umodzimodzi, ndipo paketi ndidzatsegulira pakauntala pomwepo. Posamba ndi ubtan musatenge thaulo loyera, langa ndachapa kawiri likadali lachikasu.