Weekday Calculator ya pa timeanddate.com yatipulumutsa kusema chaka cholakwika pa chiliza

Ndati ndilembeko za kawebusayiti kena kandithandiza mwezi wathawu mwina wina kangamupulumutsenso. Ndi timeanddate.com, a ku Norway ndi amene amayendetsa, ndipo mkatimo muli zambiri, nthawi za mmayiko, makalendala, maholide, koma ine chomwe ndagwiritsa ntchito ndi kachigawo kotchedwa Weekday Calculator, kaja umalemba deti nkukuuza kuti linali tsiku lanji pa sabata kapena lidzakhala lanji. Nyenyezi ndikupereka 4 pa 5, imodziyo ndifotokoza kutsogoloku.

Tikukonza zomanga chiliza cha malemu bambo athu kumudzi ku Ntcheu, nde mkulu wosema pamwala uja anati timutumizire madeti ndipo anachenjezeratu kuti ine ndikangosema basi palibe zofufuta, mukalakwitsa mugula mwala wina. Deti lomwalira panalibe vuto tonse tinalipo. Koma lobadwa eeh, gulupu ya banja pa WhatsApp inatentha masiku atatu. Bambo eni ake ali moyo ankangoti ndinabadwa chaka cha ufulu 1964, azakhali omwe ndi achemwali awo aakulu akuti bodza limenelo, pa ufulu mwanayo anali akuthamanga kale ndipo ankamulera ndi iwowo, anabadwa mu Juni kukuzizira nkubatizidwa ali wa miyezi iwiri. Chaka chake nanga? Aaa chimenecho funsani mapepala.

Pepala linapezekadi, kadi ya ubatizo mu sutukesi yachitsulo ya agogo, yofiirira kale ngati fodya. Vuto chiswe chinadya pakona penipeni pofunikapo, moti pakuoneka 12 August 196 kenako kabowo. Chiswe chimenechi chinachita kusankha nambala. Azakhali atauzidwa anangoti koma linali Lamulungu limenelo, tchalitchi chitadzadza, ana ambiri anabatizidwa limodzi. Apa mpamene ndinaganiza kuti ngati tikudziwa 12 Ogasiti komanso tikudziwa kuti linali Lamulungu ndiye tingofufuza kuti mzaka za m'ma 1960 ndi chaka chiti chomwe ziwirizi zikukumana.

Ndinayamba ndi kalendala ya mufoni yanga, kubwerera mmbuyo mwezi ndi mwezi ndi chala. Miyezi yoposa 700 anthuni, ndinafika cha m'ma 2004 chala chitatopa ndinasiya. Kenako ndinadawunilodi ka app kena kaulere, dzina sinditchula, ma advert ake ngati msika wa ku Lizulu, ukadina kamodzi kakubweretsera kavidiyo ka betting. Pali bokosi limodzi lolembamo deti lonse ndi manambala, ine nkumalemba 12/8/1960, 12/8/1961 choncho mpaka 1969, kanandipatsa Lamulungu kawiri, 1963 ndi 1968. 1968 sizingatheke poti pa ufulu anali atabadwa kale, nde ndinalengeza pa gulupu monyadira kuti abale nkhani yatha ndi 1963, anthu mpaka kuyika timanja towomba. Usiku ndikuyang'ananso ndinaona tizilembo tating'ono pansi pake pakuti December. Kani ka app kaja kamawerenga chi America, mwezi poyamba tsiku pambuyo, moti nthawi yonseyi ndimafufuza 8 Disembala osati 12 Ogasiti. Thukuta linatuluka kukuzizira, mwayi meseji kwa wosema uja ndinali ndisanatumize chifukwa bandulo inatha.

Mawa lake msuweni wanga wa ku Johannesburg ndi amene ananditumizira linki ya timeanddate. Chinthu choyamba chomwe ndinakonda ndi choti tsiku, mwezi ndi chaka chilichonse chili ndi bokosi lake lolembedwa bwinobwino, ndipo yankho likamabwera mwezi umatuluka ndi dzina lake osati nambala, nde zosokoneza Ogasiti ndi Disembala palibe. Sukuchita kulembetsa akaunti, sukulipira, sukudawunilodi kanthu, mu browser momwemo basi. Popeza ndinali nditapsa kale ndinayamba ndayesa ndi tsiku la ukwati wanga lomwe ndikudziwa kuti linali Loweruka, inalondola. Kenako ndinalowa mu ntchito.

12 Ogasiti 1960 Lachisanu, 1961 Loweruka, 1962 Lamulungu, 1963 Lolemba, 1964 Lachitatu, 1965 Lachinayi, 1966 Lachisanu, 1967 Loweruka, 1968 Lolemba, 1969 Lachiwiri. Mzaka khumi zonsezo Lamulungu likupezeka kamodzi kokha, 1962. Ndipo zikugwirizana ndi za azakhali, mwana wobadwa Juni 1962 pofika Julayi 1964 ali ndi zaka ziwiri, akuthamangadi. Mukaonetsetsa mndandandawo muona kuti chaka chilichonse tsiku likusuntha kamodzi, chifukwa masiku 365 ndi masabata 52 nkutsala tsiku limodzi, koma pa 1964 ndi 1968 likudumpha kawiri poti zimenezo ndi zaka zomwe Febuluwale amafika pa 29. Kudumpha kwa 1968 ndi kumene kunatithandiza kwambiri, pakanapanda iko Lamulungu likanabweranso kachiwiri nkuyambanso mkangano.

Imaperekanso tina towonjezera, monga inandiuza kuti 12 Ogasiti 1962 linali tsiku la nambala 224 pa masiku 365, ndi kakalendala ka mwezi wonsewo pansi pake kuti udzionere wekha ndi maso. Kakalendalako ndi komwe ndinajambula screenshot nkuponya pa gulupu, chifukwa nditanama koyamba kuja palibe akanandikhulupiriranso ndi pakamwa.

Zitatha zimenezo ndinangoyamba kusewera nayo, mukudziwa munthu ukapeza chidole chatsopano. 6 Julayi 1964 tsiku la ufulu linali Lolemba. A Zambia ufulu wawo wa pa 24 Okutobala chaka chomwecho unagwera Loweruka, anthu amwayi, phwando mpaka mmawa. 3 Malichi 1959 Lachiwiri. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 Lolemba, chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Lachiwiri. Za kutsogolo imachitanso chimodzimodzi, ife timafuna mwambo wa chilizacho udzakhale Loweruka mu Ogasiti 2027 kuti a kutauni ndi a ku Joni adzathe kubwera, ndiye tapeza 14 Ogasiti. Ndinaonanso kuti Khrisimasi ya 2027 idzakhala Loweruka koma ya 2028 idzadumpha Lamulungu nkukagwera Lolemba.

Achimwene anga amene amagwira mu ofesi anafuna kuonetsa kuti iwonso amatha, anatsegula Excel nkugwiritsa fomula ya WEEKDAY pa deti lija la 12 Ogasiti 1962, inawapatsa 1, iwo nkulemba pa gulupu kuti ayi izi zikuti Lolemba. Sikulakwa kwa Excel ayi, iyo ukapanda kuyiuza imayamba kuwerenga ndi Lamulungu kukhala 1, pomwe ife mutu wathu unazolowera kuti 2 ndi Lachiwiri, 3 Lachitatu, dzina lenilenilo likunena kale nambala, nde 1 timangoti ndi Lolemba. Ukawonjezera 2 kumapeto kwa fomulayo mpamene imawerenga ngati ifeyo, Lamulungu nkukhala 7. Apa mpomwe ndikuti webusayitiyi ndi yabwino kwa anthu wamba, imakuuza dzina la tsiku osati kukupatsa nambala kuti uzimasulira wekha.

Tsopano nyenyezi imodzi ija. Chichewa mulibe, kwa ine si nkhani koma munthu ngati azakhali sangaigwiritse okha mpaka mwana awawerengere. Komanso imafuna intaneti, sikudya bandulo kwambiri ayi koma kumudzi kwathu netiweki imapezeka pachulu cha kuseri kwa dimba, ndiye funso likabwera pabwalo pa zokambirana uyenera kunyamuka. Ndipo musaiwale kuti iyo imangowerengera masiku, siingakuuzeni ngati gogo wanu akukumbukira zoona. Ife tadalira mawu a azakhali oti linali Lamulungu, akanakhala kuti asokoneza ndiye nafenso tasokoneza nawo, koma pa anthu amoyo palibenso wina analipo tsiku limenelo.

Kwa amene mulibe bandulo kachinyengo kena ndi aka, ndinakadziwa mochedwa ndipo ndinadziseka. Kalendala imabwereza ndendende pakatha zaka 28 zilizonse, bola deti lanu likhale pakati pa 1901 ndi 2099. Kutanthauza kuti kalendala ya 1962 ndi yomweyo ya 1990 ndi yomweyonso ya 2018. Nde mmalo mopweteka chala kufuna kukafika 1962 ndikanangowonjezera 56 nkuyang'ana Ogasiti 2018 mufoni momwemo, ndinayesa ndipo 12 Ogasiti 2018 ndi Lamulungudi. Ngati kunyumba kuli kalendala yakale ya pakhoma imene amayi anasunga chifukwa cha chithunzi, imeneyonso ikhoza kugwira ntchito.

Wosema uja tamutumizira Juni 1962 opanda tsiku, poti tsiku lenileni lobadwa palibe akulidziwa ndipo sitinafune kupeka pamwala. Azakhali anatumiza voice note ya maminitsi anayi, atatu onse akungoti ndinakuuzani ine simumva ana inu, kumapeto kwake nkuti tsopano iwe mwana wa achimwene undifufuzirenso pa makina akowo kuti ineyo ndinabadwa tsiku lanji. Ndinawafunsa deti, akuti chaka cha njala ya 1949, mvula itakana, amayi akuchokera kokumba zikhawo. Mwezi sakudziwa, tsiku sakudziwa. Ndawauza kuti mabokosi ake ndi atatu ndipo ife tili ndi limodzi, akuti ndiye makinawo ndi aulesi.